Bwalo la Semente Losunga Madzi Limaweta Udzudzu

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndiyo nthawi imene malungo amavuta kwambiri kuno kum'mawa. Mabanja ambiri m'makomboni anaika semente pabwalo pothawa matope. Koma semente ikang'ambika kapena kutitimira, madzi amakhala m'zithaphwi. Udzudzu waukazi wa Anofelesi, umene umafalitsa malungo, umaikira mazira m'madzi otere, ndipo kukamatentha pamangopita masiku 10 kapena 14 kuti udzudzu watsopano uuluke. Ndere zomera pamenepo zimagwetsanso ana ndi okalamba.

Mankhwala ace ndi kuswa sementeyo ndi kubzalapo kapinga. Woswa ayambe wadziwa mmene mudapita mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi, avalenso zoteteza maso. Asiye semente ya mita imodzi m'mbali mwa cipupa kuti maziko asanyowe.

Nthaka imene inali pansi pa semente imakhala yotsendereka, conco iyenera kugaulidwa masentimita 30. Poiyesa, mwininyumba akumbe kadzenje kakuya motero ndi kudzazamo madzi. Madziwo akapezeka momwemo m'mawa mwace, ndiye kuti nthaka siimwa bwino ndipo pafunika ngalande.

Bwalo likhale lotsetsereka kucokera kunyumba, masentimita 2 pa mita iriyonse. Kumunsi kwace kukumbidwe ngalande yopita ku dzenje lomwera madzi. Zibenthu za semente zija zisatayidwe, ndizo zodzazira m'ngalande ndi m'dzenjemo, pamwamba pace nkufotsera kuti madzi asaoneke. Dzenjelo litalikirane ndi nyumba mamita 5, litalikiranenso ndi cimbudzi ndi citsime.

Pambuyo pace dothi lakuda lisakanizidwe ndi mcenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino. Kapinga amagwira msanga akabzalidwa mvula itangokhazikika mu Disembala. Mizu yace imafewetsa nthaka, madzi nalowa pansi.

Kapinga afunika kumweta kawirikawiri. Udzudzu suswana m'udzu, koma umabisala m'udzu wautali masana, monganso njoka.

Bwalo louma limacepetsa udzudzu koma siliuthetsa, pakuti wina umacokera kwa anansi ndi kudambo. Banja lonse, makamaka amai apakati ndi ana osafika zaka 5, lizigonabe m'neti yonyikidwa m'mankhwala. Mwana akatentha thupi apite naye kucipatala tsiku lomwelo kuti akapimidwe magazi.