Chizungulire chonse si BP, ndipo kugona sikuchiza

Mayi wina wazaka za m'ma 40, mphunzitsi wa kupulaimale, analowa m'chipinda chopimira dzanja lina lili pakhoma, lina paphewa la mwana wawo. Khosi anali ataliumitsa gwa, moti pofuna kundiyang'ana ankatembenuka thupi lonse. M'kachikwama mwawo munatuluka mankhwala amitundu inayi: a BP, owonjezera magazi, Stemetil wa chizungulire, ndi levothyroxine wa chithokomiro. Buku lawo la kuchipatala linkasonyeza kuti BP inakwerapo kamodzi kokha, tsiku limene anafika akusanza ndiponso ali ndi mantha. Magazi nawo sanali ochepa. Komabe kulikonse kumene anapita yankho linali limodzi: ndi BP imeneyo mayi, kapena magazi achepa, kagoneni.

Yankho limeneli ndatopa nalo. BP yokwera nthawi zambiri sizunguza mutu, n'chifukwa chake ambiri amene ali nayo amangoyenda osadziwa. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka, befu, ndi chidima m'maso munthu akadzuka mofulumira. Mapiritsi a BP akapatsidwa kwa munthu amene sakufunika kuwamwa amabweretsanso chidima chomwecho. Koma denga likamazungulira, bedi n'kumapendekeka ngati likutayani, chimenecho ife madokotala a makutu timati vertigo, ndipo gwero lake kawirikawiri limakhala mkati mwa khutu.

Kuti tisiyanitse zimenezi pamafunika mafunso awiri basi: chimayamba mukatani, ndipo chimatenga nthawi yotalika bwanji? Mayiwa sanachedwe kuyankha. "Ndikatembenukira kumanja pabedi, adokotala, kapena ndikakweza mutu poyanika zovala. Sichifika mphindi imodzi, koma mantha ake ndimakhala nawo tsiku lonse."

Mkatikati mwa khutu lililonse, m'fupa la chigaza, muli timachubu titatu tokhota todzaza madzi. Mutu ukatembenuka madziwo amasuntha, ndipo ubongo umadziwa kumene mutu walowera. Pafupi ndi timachubuto pali kathumba ka timiyala ting'onoting'ono ta calcium, totchedwa otoconia. Timiyalati tikathothoka n'kugwera m'kachubu, timapitiriza kuyenda mutu utaima kale, monga amachitira madzi m'ndowa imene mwaizunguza n'kuiika pansi. Khutu limauza ubongo kuti thupi likuzungulira, maso n'kumakana. Vutoli limatchedwa BPPV, ndipo pa matenda onse a m'khutu oyambitsa chizungulire, lofala kwambiri ndi limeneli.

Kulipima sikufuna makina. Margaret Dix ndi Charles Hallpike a ku London anafotokoza njira yake mu 1952: wodwala amakhala pabedi, mutu kuutembenuzira mbali imodzi, kenako kumugoneka chagada mwamsanga. Timiyala tikakhala kuti tili m'kachubu, pakadutsa timasekondi maso amayamba kudumphadumpha okha. Mu 1992 John Epley wa ku Portland, ku America, anafalitsa njira yopendeketsa mutu pang'onopang'ono mpaka timiyalato tibwerere kwawo. Maso a mayiwa anadumpha titawagonekera kumanja. Tinawatembenuza monga mwa njira ya Epley, ndipo atabweranso anati denga laleka kuzungulira. Ntchito yonseyo siinakwane mphindi 15, pomwe iwo anali atamwa mapiritsi miyezi yambiri.

Nanga chithokomiro chikulowa pati? Ambiri akamva mawuwa amaganiza za chotupa chapakhosi chobwera chifukwa chosowa ayodini, n'kulangiza wodwala kuti azidya mchere wambiri wam'paketi. Matenda a mayiwa ndi ena. Amatchedwa Hashimoto, potengera dzina la Hakaru Hashimoto, dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza mu 1912. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuwononga chithokomiro cha mwini wake, mpaka mahomoni ake amachepa. Kuwonjezera ayodini sikuthandiza, ndipo akachuluka angathe kukulitsa vutolo. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wapeza kuti BPPV, komanso matenda a Ménière, amapezeka kwambiri mwa anthu amene chithokomiro chawo chili ndi vuto lotere, ngakhale akatswiri akadali kutsutsana za chifukwa chake. Matenda a Ménière ndi aja amene chizungulire chimagwira kuyambira mphindi 20 mpaka maola angapo, khutu likulira komanso kumva kukuchepa.

Pali njira zina zimene chithokomiro chimadzandiritsira munthu. Mahomoni akachepa minofu ya m'miyendo imafooka ndipo thupi limachedwa kudziwongola likapunthwa. Levothyroxine akachuluka mtima umathamanga, manja n'kumanjenjemera. Komanso chitetezo chimene chaukira chithokomiro nthawi zina chimaukiranso m'mimba, thupi n'kuleka kuyamwa vitamini B12. Zikatero mapazi amachita dzanzi, munthu samva bwino pamene waponda, makamaka kukada. Mapiritsi a ayironi, aja owonjezera magazi, sachiza zimenezo.

Apa ndi pamene panandipsetsa mtima. Mayiwa ankameza levothyroxine pamodzi ndi piritsi lowonjezera magazi, m'mawa ndi tiyi wamkaka. Ayironi amagwira levothyroxine m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Titapima TSH, homoni imene imakwera chithokomiro chikamalephera, tinaipeza yokwera. Mankhwala amene anapatsidwa pa vuto limene analibe ndi amene ankalepheretsa mankhwala a vuto limene anali nalo.

Za kugona nazonso ndinenepo, chifukwa ndi zimene zimasandutsa vuto la masabata kukhala la zaka. Ubongo uli ndi luso lozolowera khutu lolakwika, koma umaphunzira pokhapokha mutu ukamayenda, maso akamaona, mapazi akamaponda. Munthu amene waumitsa khosi n'kumangokhala pamkeka akuumana ubongo phunziro limenelo. Stemetil ndi Stugeron amathandiza masiku awiri kapena atatu oyamba, pomwe wodwala akusanza osatha kudzuka. Kupitirira apo amagonetsa mbali yomwe ija ya ubongo imene ikufunika kuphunzira, ndipo akamwedwa nthawi yaitali, makamaka ndi okalamba, angathe kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja mofanana ndi matenda a Parkinson. Si nzeru yatsopano iyi. Terence Cawthorne ndi Frank Cooksey, ku London komweko, anayamba kuphunzitsa odwala masewera oyendetsa mutu ndi maso m'zaka za m'ma 1940.

Ngakhale kuzungulira kutatha, mayiwa anapitiriza kudzandira kwa masabata angapo. Mumsika, pakati pa anthu opita uku ndi uku, ankamva ngati nthaka ikuyenda. M'minibasi ankatseka maso. Polemba pabolodi ankaopa kutembenuka kuti ayang'ane ana. Kudzandira kotereku kukapitirira miyezi itatu kuli ndi dzina lake, PPPD, limene bungwe la Bárány Society linakhazikitsa mu 2017: thupi limakhalabe tcheru ngati ligwa, pomwe choyambitsa chinachoka kale. Chowawa n'chakuti sikuonekera. Kuntchito amati ndi ulesi, mumsewu amati mayi aja ayamba mowa, kunyumba amati akuganiza kwambiri. Mayiwa chinawathandiza ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, kuyang'anitsitsa chilembo pakhoma uku akupukusa mutu, ndi kubwerera kumsika pang'onopang'ono, kuyambira nthawi imene anthu achepa.

Malangizo ndi awa mwachidule, podziwa kuti wodwala aliyense ndi wosiyana ndipo nyuzipepala sipima munthu. Levothyroxine imwani ndi madzi okha, theka la ola kapena ola lathunthu musanadye, ndipo ayironi ndi calcium azidikira maola anayi. Mlingo ukasinthidwa, TSH ipimidwenso pakatha masabata 6 mpaka 8. Musasiye nokha mankhwala a BP, pemphani akupimeninso mutagona ndiponso mutaimirira. Lembani nthawi imene chizungulire chayamba, zimene mumachita, ndi kutalika kwake. Ngati munabayidwapo gentamicin kapena streptomycin nenani, chifukwa mankhwalawa amatha kuwononga mkati mwa khutu. BPPV imabwereranso mwa ambiri, choncho ikabwera musadabwe, koma amene ali ndi vuto la khosi asadzitembenuze yekha potsanzira za pa YouTube.

Chizungulire chobwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, nkhope kupindika, mkono kufooka, mutu wowawa kwambiri, khutu kugontha mwadzidzidzi kapena kulephereratu kuima, chimenecho musachidikirire kuti kuche. Ikhoza kukhala sitiroko, ndipo munthu wotero afike kuchipatala nthawi yomweyo.