Mbuzi ya amayi yatsala m'khola

Mu 1997 malume anga anagona m'chitokosi masiku asanu ndi anayi chifukwa cha njinga yomwe sanabe. Ndinali mwana, koma ndikuwaonabe amayi akukoka mbuzi yathu yaikazi, ili ndi bere, ulendo wa kumsewu wa Great East kukaigulitsa kuti papezeke "ya bondi". Malume anatuluka akutsimphina. Palibe anafunsa. Tikanafunsa kwa yani? Wokumenya ndi wapolisi, wolemba dandaulo lako ndi wapolisi yemweyo. Kuno ku Madzimoyo tinkangoti zagwa zatha.

Tsono imvani za February chaka chino!

Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, m'chikhamu cha anthu, foni ya munthu inasowa, ndipo dzanja la apolisi linagwera mwana wa mlongo wanga. Uthenga utafika kunyumba, amayi, omwe tsopano amayenda ndi ndodo, sanalire. Anangolunjika kukhola.

"Amayi, isiyeni mbuziyo," ndinatero.

"Iwe mwana, apolisi suwadziwa."

Amanena zoona za apolisi omwe iwo ankawadziwa. Chimene sanamve n'chakuti apolisi nawo ali ndi owayang'anira. Lamulo la 1999 linakhazikitsa Police Public Complaints Authority, bungwe lomva madandaulo a anthu wamba pa zochita za apolisi. Mu 2016 malamulo aakulu a dziko atasinthidwa, bungweli linakhala Police Public Complaints Commission, ndipo dzina la apolisi linachoka pa Force n'kukhala Service, kutanthauza otumikira anthu. Wapolisi akakumenya, akakutsekera popanda chifukwa, ukhoza kukam'nenera, iwo n'kufufuza. A Human Rights Commission, omwe ali ndi ofesi ku Chipata konkuno, ali ndi mphamvu zolowa m'zitokosi kukaona amene ali m'menemo ndi momwe akusungidwira. Chondipweteka n'chakuti likulu la bungwe la madandaulolo lili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, ndipo m'midzi mwathu ambiri sanalimvepo n'komwe. Nkhaniyi ikanamalengezedwa m'matchalitchi ndi m'mabwalo a mafumu.

M'mawa mwake ine, amayi ndi alamu anga tinakwera minibasi kupita kupolisi. Mbuzi anaisiya, koma pakona ya chitenje amayi anamangapo ndalama zawo za mtedza.

Pakauntala tinapeza mtsikana wa yunifomu, msinkhu wa mdzukulu wawo.

"Takulandirani, agogo. Mwabwera ndi mareji?"

Tinapereka mareji awiri (zitupa za unzika), yanga ndi ya alamu anga, n'kusaina kuti mnyamatayo sadzathawa. Amayi anayamba kumasula mfundo ya chitenje, manja akunjenjemera.

"Ayi agogo, mangani pomwepo. Bondi ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakupemphani ndalama, mukam'nenere."

Mnyamata anatuluka akuyenda yekha, wopanda bala, atagona usiku umodzi wokha. Dzina lake, ola lomwe analowa ndi lomwe anatuluka, zonse zinali m'buku. Lamba ndi nsapato zake anam'bwezera. Amayi anam'gwira mikono, kum'tembenuza, kum'vundukula malaya kumsana kufuna zipsera. Atazisowa, anaimba nthungululu pabwalo la polisi pomwepo, mpaka oyendetsa njinga za kabaza anaima kuti aone!

Foni ija inapezeka patapita masiku atatu kwa munthu wina, mlandu n'kutha. Mbuzi inaswa mu April, ana awiri. Amayi anatcha wina Bondi, wina Ulere, ndipo aliyense wodutsa pakhomo pathu sapitirira asanakawaone.