MAYI AKATENTHA THUPI M'CHIKUTA, TISADIKIRE MAWA

Mwana akabadwa timalulutira nkumati mayi wachira. Koma masabata 6 oyamba mayi amakhala asanachoke pangozi. M'chiberekero, pomwe panali nsengwa, pamatsala bala. Tizilombo tosaoneka ndi maso tikalowa pabalapo timaswana, kenaka timafalikira m'magazi, ndipo mayi angathe kumwalira m'masiku ochepa.

Matendawa anadziwika bwanji?

Kale ku Ulaya matendawa ankapha amayi ambiri m'zipatala. Mu 1847, dokotala wina wa ku Vienna, Ignaz Semmelweis, anaona kuti madokotala ankachokera kopima mitembo nkudzagwira amayi oyembekezera. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Imfa zinatsika kuchoka pa amayi 18 kufika pa 2 mwa amayi 100 aliwonse. Mu 1936 ku London anayamba kuchiza matendawa ndi mankhwala a sulfa, ndipo pambuyo pake kunabwera penisilini.

Kuno ku Malawi, kafukufuku wa boma wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 439. Matenda a tizilombo ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za imfazi.

Zizindikiro zake ndi ziti?

1. Kutentha thupi ndi kunjenjemera.
2. Kupweteka m'munsi mwa mimba.
3. Kutuluka zonunkha kunjira ya abambo.
4. Mafinya pabala la opaleshoni kapena pomwe anasoka.
5. Kufooka kwambiri ndi kupuma mofulumira.

Ambiri timati ndi malungo, nkukagula panado pagolosale. Panado amaziziritsa thupi koma sapha tizilombo. Ena timati ndi tsempho, nkuyamba kufunsana kuti walakwa ndani, nthawi ikupita.

Tingapewe bwanji?

Mayi aberekere kuchipatala, ndipo ngati kwawo nkutali akadikirire komweko masiku akayandikira. Nsupa ikasweka apite msanga, pakuti akachedwa tizilombo timapeza njira. Aliyense womusamalira asambe m'manja ndi sopo. Nsalu zomwe mayi akugwiritsa ntchito zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa, osati kuzibisa m'nyumba zili zonyowa. Tisaike zitsamba kunjira ya abambo. Mayi abwerere kusikelo pamasiku omwe anamwino amuuza, ngakhale akupeza bwino.

Udindo wathu kuno ku Thyolo

M'nyengo ya mvula, tiyi akachuluka m'maesiteti ngati Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, bambo amaopa kutaya malipiro a tsiku, mayinso amafuna kubwerera kokathyola asanalimbe. Dziwani kuti lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka 3. Ndi ufulu wake, si chifundo cha kapitao.

Chizindikiro chikaoneka, mayi apite tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi. Matenda akakula amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, komwe amalandira mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha. Akapatsidwa mapiritsi amalize onse.

Zokambirana mumphakati

Kodi mumphakati mwathu ndani amayendera amayi a m'chikuta sabata yoyamba? Nanga mayi atatentha thupi usiku, ndalama ya njinga yamoto ingachokere kuti? Tigwirizane lero, vuto lisanatigwere.