Ulendo wa banja ku Cape Maclear: kumene ana angaone m'mene munda umakhudzira nyanja

Usipa ndi utaka zimene timagula m'misika ya ku Ulónguè zimachokera ku Nyanja ya Malawi, imene kuno timaitchanso Niassa. Komabe ana ambiri a m'mapiri muno amangodziwa nsomba zouma za pa mulu, sanaonepo yamoyo ikusambira. Banja lofuna kuwaonetsa lingapite ku Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kumene kuli malo ophunzitsira za chilengedwe m'mbali mwa nyanja.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Chifukwa chachikulu ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Mitundu yake ilipo mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa. N'koletsedwa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchoka m'mbali mwa pakiyi, choncho nsombazi zimaoneka zambiri m'madzi oyera a ku Otter Point ndi pa chilumba cha Thumbi.

Kodi mlimi wa chimanga ndi mbatatesi zikumukhudza bwanji? Malire athu ndi dziko la Malawi amatsata msana wa mapiri. Mvula yogwa mbali ya kuno imatsikira mu Revúbuè n'kukalowa mu Zambezi ku Tete, pamene yogwa kwa abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu imatsikira m'mitsinje ngati Linthipe ndi Bwanje n'kukathira m'nyanja. Mitengo ikatha m'phiri, kapena mizere ikaloza kutsetse, dothi lachonde limakokoloka ndi madziwo. Likafika kunyanja limadetsa madzi ndi kukwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Dothi lomwelo latayika kumunda, ndipo kunyanja laononga chakudya cha nsomba. Mwana amene waona miyala ija ndi maso ake savutika kumvetsa chifukwa chake makolo amakonza akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva.

Njira yake ndi iyi: mumadutsa pa chipata cha Calómuè kulowa ku Dedza, kenako mumatsika mapiri pa msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Mukafika kuchigwa mumalowera cha ku Monkey Bay, ndipo musanafike m'tauniyo pali mphambano yopita ku mudzi wa Chembe, womwe ndi Cape Maclear. Pamsewuwo pali Mwala wa Mphini, thanthwe la mizeremizere ngati mphini za pankhope. Pafupi ndi nyanja pali manda a amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875, koma anasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawavutitsa.

Malungowo alipobe mpaka lero, ndipo kunyanja n'kotentha kusiyana ndi kuno. Tengani neti yoti aliyense agonemo. M'madzi osaya a pafupi ndi midzi mumapezekanso likodzo, choncho aliyense amene wasamba m'nyanja akaonane ndi achipatala mukabwerako, makamaka akayamba kukodza magazi. Ana athu sanazolowere madzi akuya: asalowe m'boti opanda jekete yoyandamitsa, ndipo wamkulu asawachotsere maso. Anyani a m'pakimo musawapatse chakudya, chifukwa akazolowera amalanda ndiponso amaluma.

Nthawi yabwino ndi pambuyo pa kukolola, mvula italeka. M'miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu, kotero September ndiye mwezi wabwinoko, ntchito yosoosa isanafike pachimake. Musananyamuke, funsani ku ofesi ya Migração za zikalata zofunika kwa akulu ndi ana omwe. Konzaninso makwacha olipirira pa chipata cha paki ndi boti. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana galimoto imodzi, mtengo wa ulendo umapepuka, ndipo akhoza kupita lero n'kubwerako mawa lake.