Pampu ya njinga imatentheranji?

Tengani pampu ya njinga, tsekani kukamwa kwake ndi chala, mupope mwamphamvu kakhumi. Igwireni kumunsi. Yatentha, eti? Ambiri amati n'kukhulana kwa zitsulo, koma ine ndimawauza kuti apopenso osatseka: siitentha chotero.

Nkhani yagona pa mpweya. Mukaupanikiza, mphamvu ya mkono wanu siisowa ayi. Imalowa m'tizigawo ta mpweyawo, timathamanga kwambiri, ndipo kuthamangako ndiye kutentha. Mukapopa pang'onopang'ono, kutenthako kumapeza mpata wothawira kunja.

Injini ya dizilo imadalira zomwezi. Pisitoni imafinya mpweya mpaka kupitirira madigiri 500, mafuta akangopoperedwamo amayaka okha popanda pulagi. N'chifukwa chake galimoto zina zimavuta kulira m'mawa wozizira wa mu Juni: chitsulo chimaba kutenthako.