Chikumbumtima Chikasemphana ndi Chiphunzitso cha Mpingo

Alipo Akatolika amene anasiya kupita ku Sakramenti la Kulapa chifukwa chimene Mpingo umachitcha tchimo, mtima wawo suwatsutsa nacho. Titenge nkhani ya kulera. M'chaka cha 1968, Papa Paul VI analemba kalata ya Humanae Vitae yokana mapilitsi ndi njira zina zotere. Koma m'banja limene mayi anatsala pang'ono kufa pobereka, kulera amakuona ngati kusamala moyo.

Banja lotere lichite chiyani? Katekisimu wa 1992 amaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, munthu asachite zotsutsana ndi chikumbumtima chake pamene chatsimikiza. Chachiwiri, chikumbumtimacho chimatha kusokera, choncho chiyenera kuleredwa ndi Mawu a Mulungu, pemphero ndi chiphunzitso cha Mpingo.

Kulapa ndi pakamwa pokha, popanda chisoni chenicheni, n'kudzinamiza. Kuthawa nakonso sikuchiza bala. Mutu umodzi susenza denga. Pitani kwa wansembe, muuzeni zoona, ngakhale kukayika kwanuko. Lamulo la Mpingo limamuletsa kuulula zimene wamva polapitsa. Kenako pempherani modzichepetsa, kuti Mulungu amene amaona zamseri akuunikireni.