Ntchito Yolipidwa ndi Chakudya: Asankhe Ndani?

Njala ikagwa m'dziko, mabungwe achithandizo ali ndi njira ziwiri zoperekera chakudya. Angathe kuchigawa chaulere, kapena angathe kupempha anthu amphamvu kuti agwire ntchito yachitukuko, nalandira chakudyacho ngati malipiro. Njira yachiwiriyi imaoneka yanzeru, pakuti mudzi umadya lero ndi kutsala ndi msewu, damu kapena nkhalango ya mawa. Koma pali funso limene lavuta akatswiri kwa zaka zambiri: kodi ntchitoyo aisankhe ndani? Dziko la Ethiopia linapeza yankho lake movutikira.

M'chaka cha 1980, bungwe la United Nations loona za chakudya, la World Food Programme, pamodzi ndi boma la Ethiopia, linayamba ntchito yaikulu yoteteza nthaka yotchedwa Project 2488. Mapiri a m'dzikolo anali atayera, ndipo mvula inali kukokolola nthaka chaka ndi chaka. Mlimi akagwira ntchito tsiku lathunthu, ankalandira makilogalamu 3 a tirigu ndi mafuta ophikira pang'ono. Anthu anamanga migula ya miyala m'mapiri ndi m'minda, anadzala mitengo yambirimbiri, makamaka bulugamu, ndipo mapiri ena anatsekedwa kuti ziweto zisadyeko. Njala yoopsa ya mu 1984 ndi 1985 itafika, ntchitoyi inakula koposa.

Tsono mapulani onse ankachokera kumaofesi. Pa nthawiyo dziko linali m'manja mwa boma la asilikali la Mengistu Haile Mariam, ndipo mlimi sankafunsidwa. Mlangizi ankabwera ndi muyeso wake, nanena kuti mgula udutse apa. Mwini munda ankaona kuti mgulawo ukumudyera malo pa kamunda kake kochepa kale, kuti makoswe akubisala m'miyala, ndiponso kuti ng'ombe zolimira zikulephera kutembenuka bwino pakati pa migula yoyandikana. Phiri lotsekedwa linali msipu wa ziweto zake, ndipo sankadziwa ngati mitengo yodzalidwayo idzakhala yake kapena ya boma. Anagwirabe ntchito, chifukwa mimba njala sikana tirigu. Koma ntchito yotere, kwa amene akukumbuka mbiri ya kuno kwathu, siitalikirana kwenikweni ndi thangata, kungoti iyi inali ndi malipiro.

Boma lija litagwa mu 1991, zoona zake zinaonekera poyera. M'madera ambiri alimi anagumula migula, nadula mitengo, nabwezera ziweto kumapiri. Thukuta la zaka khumi linapita pachabe m'malo ochuluka.

Apa ndi pamene kachitidwe kanasintha. M'zaka zotsatira, unduna wa zamalimidwe ndi bungwe lija anayamba kupereka udindo wokonza mapulani kwa eni mudzi. Anthu ankasankha komiti ya amuna ndi akazi, ndipo komitiyo inkayenda ndi mlangizi kuyambira pamwamba pa phiri mpaka kudambo, kuona kumene madzi amachokera ndi kumene amawononga. Kenaka ankagwirizana kuti vuto loyamba ndi liti. Mlangizi sanachotsedwe ayi. Nzeru zake zinkafunikabe, popeza damu lomangidwa pamalo olakwika limaphulika ngakhale mudzi wonse ulikonde. Chimene chinasintha n'chakuti iye anasanduka mphungu, osati wolamula. Mu 2003 ntchitoyi inapatsidwa dzina loti MERET, mawu amene m'chilankhulo cha Chiamhara amatanthauza nthaka.

Kukhalapo kwa amayi m'komiti si nkhani yongokometsera. Pamudzi pali anthu a mawu amphamvu, ndipo akasiyidwa okha, msewu umakhotera kunyumba zawo. Mayi amene amatunga madzi kutali ndi kutola nkhuni amadziwa bwino ngati mudzi ukusowa chitsime kapena nkhalango, ndiponso amadziwa miyezi imene banja lingatulutse munthu wokagwira ntchito popanda kusiya munda wake uli m'tchire.

Mudzi wa Abrha Weatsbha, m'chigawo cha Tigray, unali wouma kotero kuti panali maganizo osamutsa anthu ake. Eni mudzi anatseka zigwembe ndi miyala, nakumba maenje osunga madzi m'mapiri, nagwirizana okha malamulo odyetsera ziweto. Patapita zaka, madzi apansi panthaka anakwera, alimi anakumba zitsime zosaya, nayamba kuthirira ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso m'chilimwe. Mu 2012 mudziwu unalandira mphotho ya Equator Prize ya bungwe la United Nations.